Wa 32 sanabwere ku masika

Mpaka lero kwaya ikayamba nyimbo ya zopereka, ine ndimaweramitsa mutu ngati munthu wofunafuna batani logwa. Anzanga a pa benchi amaganiza kuti ndazama m'pemphero. Kupemphera ndimapempheradi pang'ono, koma kwambiri amakhala manyazi. Nkhaniyi ndainyamula chaka chathunthu, ndipo poti mudzi wonse ukuidziwa kale, ndi zokometsera zake zomwe, ndati bola muimve kwa mwini wake.

Ine kwathu ndi ku Golomoti. Kuno kufupi ndi Mtakataka ndinabwera kudzakwatira, ndipo ndakhala mkamwini zaka 34. Njerwa za nyumba ndinaumba ndekha, mango onse a pabwalo ndinabzala ndine, koma dothi ndi la akuchikazi. Akazi anga, amake Tereza, anatisiya mu Febuluwale chaka chatha, chimanga chikumasula. Tereza, mwana wathu mmodzi yekhayo, ali pabanja ku Salima. Mwambo wa kuno ndi wakuti mkazi akamwalira, abale ake amakhala pansi n'kumusudzula mwamunayo, ndiye kuti kumumasula kuti abwerere kwawo. Za ine anati zidzakambidwa anthu akakolola, Loweruka lotsatira Lamulungu la masika.

Woyendetsa nkhaniyo anali a Bonifasi, achimwene awo a malemu. Si munthu woipa (mawu amenewa ndakhala ndikudziuza kawirikawiri kuti ndiwazolowere). Ali ndi mphwawo amene wangokwatira kumene ndipo alibe polima. Tikakumana panjira ankandipatsa moni bwinobwino, kenako n'kunena kuti, "Alamu, ku Golomoti ayenera kuti akusowani." Ku Golomoti kulibe wondisowa. Makolo anapita kale, nyumba inagwa, ana a achimwene anga akandiona amayamba afunsana kaye kuti ndine yani. Ndipo kuno ndikamapita kudimba ndimadutsa poonekera mitengo ya kumanda kumene tinawagoneka amake Tereza. Sindinkafuna kuchoka. Koma mkamwini sanena ndi pakamwa kuti sindichoka. Ndinaganiza zoti ndionetse ndi ntchito kuti pamudzi pano ndikadali ndi phindu.

Mpata unapezeka pa za masika. Kutchalitchi kwathu, tsiku limeneli mphakati uliwonse, ndiye kuti gulu la Akhristu oyandikana nyumba amene amapemphera limodzi pakati pa sabata, umalowa pawokha ndi zokolola zake, ukuvina mpaka kuguwa. Anthu amaonerera kwambiri, ndipo olowa moipa amawanena mpaka mvula kugwa. Kwa zaka zambiri wondandalika anthu a mphakati wathu anali amake Tereza. Ankangoponya maso pagulu n'kunena kuti, "Atatuatatu!" kapena "Awiriawiri!" anthu n'kukwana ndendende. Ine ndinkayesa kuti chofunika pa ntchitoyo ndi mawu okweza basi.

Pamsonkhano apampando atafunsa kuti atenge ntchito ya malemu ndani, panalibe wodzipereka. Ine ndinakweza dzanja.

A Sofiya, akulu awo a malemu ndi a Bonifasi omwe, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndi mayi wosaseka wamba.

"Alamu, inuyo? Munthu woti nkhuku zanu zomwe zimalowa m'khola pa nthawi imene zafuna?"

Anthu anaseka, koma poti panalibe wina, anandipatsa.

Tsiku lotsatira ndinakhala pakhonde ndi pepala la kalendala wakale, n'kuyenda mudzi wonse m'mutu, nyumba ndi nyumba, kuyambira kuchigayo mpaka kumjigo. Mayina sindinalembe, anthu ake ndimawadziwa. Ndinkangolemba nambala ya otha kusenza katundu pa nyumba iliyonse. Nditaphatikiza anakwana 32. Ndinaphatikiza katatu, kuchokera pamwamba ndi kuchokera pansi, n'kupeza 32 yemweyo.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndiye ndinapita kwa aphunzitsi a Mbewe, amene ali mu mphakati wathu womwewu ndipo amaphunzitsa Sitandade 5.

"Aphunzitsi, anthu 32 angayende bwanji m'mizere yofanana, popanda wotsala?"

Anasangalala ngati ndawabweretsera nkhuku. Anathyola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi.

"Abambo a Tereza, mwapeza nambala yofatsa. Awiriawiri, mizere 16. Anayianayi, mizere isanu ndi itatu. Asanu ndi atatu pa mzere, mizere inayi. Nambala zimene zimalowa mwa inzake popanda chotsala kusukulu timati mafakitala. A 32 ndi awa: 1, 2, 4, 8, 16, ndi mwini wakeyo."

"Nanga atatuatatu?"

"Ayi, 3 salowa. Tawerengani modumpha: 3, 6, 9, mpaka 30, kenako 33. Mwaona? Wamudumpha 32." Anafufuta ndi phazi n'kundiyang'ana. "Koma anthuwo mwawawerenga bwino?"

"Aphunzitsi, mudzi uno ndauyenda inu musanabadwe."

(Pa zonse zimene ndinalankhula mwezi umenewo, mawu awa ndi amene ndimalakalaka ndikanawameza.)

Ndinabwerera kunyumba mutu uli wodzaza nzeru. Ndinakonza zoti tidzalowe pakhomo anayianayi, tikafika pakati pamene mabenchi amapanikiza tigawike awiriawiri, ndipo kuguwa titambasuke asanu ndi atatu pa mzere, zonse nyimbo isanathe kawiri. Chinthu choterocho chinali chisanachitikepo kwathu kuno. Ndinkaona kale a Bonifasi akugwedeza mutu, akunena chamumtima kuti munthu uyu tisamutaye. Sabata imeneyo mawu akuti mafakitala ndinawatchula kumjigo, kudimba, ngakhale kwa mayi wogulitsa usipa amene anangondifunsa kuti ndikufuna milu ingati.

Kuyeserera tinayeserera katatu, madzulo, pabwalo la mpira. Koma anthu sankabwera onse. Wina kumaliro, wina kukatola thonje, wina kunyanja. Ndiye ndinapeza nzeru ina: pamalo pa aliyense amene sanabwere ndinkaikapo njerwa, kuti mizere ikwane isanu ndi itatu. Tsiku lina njerwa zinalipo 13. Zinkamvera kuposa anthu. A Gwaza, msodzi wa mu mphakati wathu, munthu wodziwika ndi kuchedwa ndi nthabwala, anapunthwa pa njerwa ina n'kuigwadira.

"Pepani amake Yohane, sindinakuoneni. Mwaonda bwanji?"

Tinaseka tonse. Palibe anafunsa kuti njerwa iyi ndi yani, iyo ndi yani. Inenso sindinafunse.

Lamulungu la masika linafika, kunja kukuzizira, kamphepo kakuchokera kunyanja. Miphakati inalipo inayi, ife tinali achitatu kulowa. Nthawi ya zopereka itayandikira tinatuluka kukatenga katundu pansi pa mtengo: madengu a chimanga, malichero a mpunga, maungu, mtedza, nzimbe, nkhuku zomanga miyendo, ndi mbuzi imodzi ya a Bonifasi. Ine ndinavala jekete, ndinanyamula lichero la mpunga wa m'munda mwathu. Mphakati woyamba ukulowa, ndinayamba kuika anthu anayianayi. Mzere woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chiwiri, yonse yodzaza bwinobwino. Wotsiriza unali wanga. Ndinaima kumapeto, n'kuona kuti tilipo atatu. Kudzanja langa lamanzere kunali mpata.

"Wina sanabwere," ndinatero.

Anthu anayang'anana. "Tonse tilipo, abambo a Tereza."

"Ayi, wina sanabwere."

Ndinayenda n'kuwerenga mitu. 31. Ndinabwereza, ndikugwira phewa la aliyense ngati ndikusankha mbuzi pamsika. 31. Ndinayang'ana kunjira yochokera kumudzi. Kunalibe munthu, koma njinga ya kabaza yokha.

Apa ndi pamene ndinachimwa. Ine amene pa mphakati ndimakonda kukumbutsa anzanga kuti tisamafulumire kuweruza, ndinakweza mawu pamaso pa miphakati iwiri.

"Ndi a Gwaza basi! Ndinadziwa. Munthu ameneyu ngakhale tsiku lomaliza adzafika mngelo atasunga kale lipenga."

Mkoko wa nthochi umene unali mu mzere wachitatu unatembenuka pang'onopang'ono. Pansi pake panali a Gwaza, atavala malaya oyera.

"Ndili pano, akulu. Ndafika inu musanasambe."

Akatekisiti anasuzumira pakhomo. "Achiwiri akulowa. Achitatu khalani okonzeka."

Ndinati chabwino, wosowayo atipeza, tisinthe kaye. "Awiriawiri!" Anthu anasuntha ndi katundu wawo kumutu. Anakwana awiriawiri okwana 15, n'kutsala munthu mmodzi. Wotsalayo ndinali ine, poti ndine ndinkaika anzanga.

"Atatuatatu!" Mizere khumi, wotsala mmodzi. Ine.

"Asanuasanu!" Dzungu linagwa n'kugubuduka mpaka kumsewu. Mbuzi inakulunga chingwe m'miyendo ya apampando. Mizere isanu ndi umodzi, wotsala mmodzi. Sindikuuzani kuti ndani.

"Asanu ndi mmodzi pa mzere!"

"Alamu, mpungawu ukulemera," anatero mayi wina. "Tikuvina masika kapena tikusewera fulaye?"

Mizere isanu. Ine panja, ndi lichero langa.

Mtsikana wina wapabanja, pofuna kundithandiza, anatembenuza msana. "Nanga wakumbuyoyu simungamuwerenge?"

"Amayenda?"

"Ali ndi miyezi inayi."

Ndinathamangira kwa apampando a mphakati wachinayi, amene anali ataima kale mwadongosolo, akutionerera ngati kanema. Ndinawapempha kuti andibwereke munthu mmodzi, wina aliyense, ngakhale wosadziwa kuvina.

"Ife tilipo 24, tagawana kale atatuatatu. Mukatenga mmodzi mutipatsira matenda anuwo."

Aphunzitsi a Mbewe anali atanditsatira ndi mtolo wawo wa nzimbe. Anandikokera pambali n'kulankhula motsitsa.

"Akunena zoona, 23 naye ndi yemweyo. Abambo a Tereza, musavutitsenso anthu. 31 sagawika. Yesani 7, mutsala ndi atatu. Yesani 8, yesani 9, yesani mpaka Misa ithe. Nambala zotere timati mapulayimu. Zilibe fakitala wina koma 1 ndi mwini wakeyo."

"Koma sitili 31. Tili 32."

"Mwawerenga nokha kawiri."

"Ndiye ndikuti wina sanabwere!"

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinaika lichero pansi, ndinatulutsa pepala la kalendala m'thumba la jekete, n'kuima pamaso pa gulu lonse. Ndinati ndiitana nyumba ndi nyumba mokweza, kuti wojombayo adziwike ndipo achite manyazi. Ndinkafunitsitsa kuti wina achite manyazi.

"Kwa apampando, atatu!"

"Tilipo."

"Kwa a Bonifasi, anayi!"

"Tilipo."

"Kwa aphunzitsi, awiri!"

"Tilipo."

"Kwa a Gwaza, mmodzi!"

"Ndikadalipo, akulu."

Ndinatsika nalo pepalalo, nyumba iliyonse ikuyankha, mpaka ndinafika kufupi ndi kumjigo.

"Kwathu, awiri!"

Palibe anayankha. M'tchalitchimo ng'oma zinkamveka, kwaya ikuimbira mphakati wachiwiri. Ndinayang'ana pepalalo. Panali 2, wolembedwa bwino, ndi dzanja langa, miyezi inayi titawaika m'manda. Ndinaphatikiza katatu konse, ndipo samu yake inali yolondola. Masiku atatu aja pabwalo la mpira, njerwa imodzi inali yawo. Ndipo nthawi yonseyi pamene ndinkaponya maso kunjira, ndikuganiza kuti ndikuyang'ana munthu wochedwa, mtima wanga unkadziwa bwino amene unkamudikira. Amake Tereza ankakonda kutsalira m'mbuyo kutseka mawindo.

Mayi wina anayamba kulira chapansipansi. A Gwaza anatsitsa nthochi zawo. Ine ndinangoima, pepala lili m'manja.

Akatekisiti anatulukanso. "Achitatu, nthawi yanu! Bambo mfumu akudikira."

A Bonifasi anakonza kukhosi. Sanalankhule mwaukali, ndiyenera kuwachitira chilungamo pamenepa. Analankhula ngati munthu amene akufuna kupulumutsa gulu.

"Alamu, nthawi yatha. Inuyo mutangoima pambali, titsala 30. Aphunzitsi, 30 amagawika?"

Aphunzitsi anayang'ana nsapato zawo. Ndi munthu wosanama.

"Amagawika. Awiriawiri, atatuatatu, asanuasanu, asanu ndi mmodzi, khumikhumi..."

"Basi, basi, zakwana," anatero a Bonifasi.

Zinali zoona, ndipo ndinali nditazionetsa ndekha kanayi konse pamaso pa anthu: pakachoka ine, otsalawo amakwana bwinobwino mulimonse mmene mungawaikire. Nkhani imene inkadikira Loweruka ndinaona kuti yatha pomwepo, ndipo woimaliza ndine. Ndinatola lichero langa n'kuwapatsa aphunzitsi kuti alowe nalo. Ndinali nditaona kale pokakhala, pa muzu wa mtengo, pafupi ndi njinga za anthu.

"Alamu."

Anali a Sofiya, dengu la mtedza lili pamutu.

"Mpunga umenewo analima ndani?"

"Tinaokera limodzi ndi malemu. Kukolola ndakolola ndekha."

"Ndiye mukupatsa yani? Tengani." Anatembenukira kwa aphunzitsi. "Inu, mwati nambala yanu yamakaniyo imalola chiyani?"

"Mmodzimmodzi, mayi. Kapena onse 31 mzere umodzi chopingasa."

"Chopingasa sitikwana pakhomo. Mmodzimmodzi. Aliyense ayenda yekha lero. Bonifasi, tsogola ndi mbuzi yakoyo."

"Achemwali, zichedwa kwambiri."

"Ukufulumira kupita kuti? Kwanu ndi konkuno."

Tinalowadi mmodzimmodzi. Kavinidwe kathu ka masika ndi kakuti mapazi awiri kutsogolo, limodzi m'mbuyo, ndiye mutha kuona nokha. A Bonifasi atafika kuguwa, theka la ife linali likadali panja padzuwa. Mphatso iliyonse bambo mfumu ankailandira payokha, ndi manja awiri, n'kudalitsa wopereka. Poyamba ankamwetulira. Pofika munthu wa 20 anali atayang'ana wotchi yawo kawiri. Kwaya inaimba nyimboyo kasanu ndi kanayi (anawerenga ndi aphunzitsi), woimba ng'oma anasinthana ndi mnzake, ndipo mbuzi, poona kuti palibe akuisamala, inadya maluwa a kuguwa mbali imodzi yonse. Ana ankaseka poyera. Akuluakulu ankabisa nkhope m'mabuku a nyimbo.

Ine ndinalowa womaliza. Sindivina bwino ngakhale pa tsiku labwino, ndipo tsiku limenelo sindinkaona n'komwe pamene ndikuponda. Kutsogolo kwanga kunali misana 30, uliwonse pawokha, wopanda mnzake kumanja kapena kumanzere, apabanja ndi osakwatira chimodzimodzi. Palibe mlendo akanatha kuloza kuti wamasiye ndi uyu. Ndinalira kuyambira pakhomo mpaka kuguwa, lichero lili pachifuwa. Amene anadya mpunga umenewo sanafunikire mchere wambiri.

Misa inatuluka dzuwa litapendeka. Mphakati wachinayi unalowa anthu atatopa kale, ndipo apampando awo sanandipatse moni mwezi wathunthu. Kuyambira tsiku limenelo miphakati ina imatitcha kuti a nyerere. Dzinali lakhazikika, ngakhale akatekisiti linawapulumuka kamodzi polengeza.

Lolemba ndinapita kwa a Gwaza kukapepesa. Ndinawapeza akusoka ukonde.

"Akulu, musadandaule. Zaka zonsezi ndachedwa osandinena. Tsiku limodzi lomwe ndafulumira ndi limene mwandinena. Ndaphunzirapo, sindidzafulumiranso."

Loweruka tinakhala pabwalo la a Sofiya, abale a malemu mbali iyi, ine ndi msuweni wanga mmodzi wochokera ku Golomoti mbali iyo. Tereza anabwera pa minibasi ya m'mawa, anakhala kumbuyo ndi amayi. Ine ndinali nditamanga kale zovala m'chikwama, makasu awiri ndi nkhwangwa nditaziika pamodzi kuseri kwa chitseko.

A Bonifasi analankhula bwino. Anandiyamikira kuti ndinasunga mlongo wawo, sindinamumenyepo, ndinamudwazika mpaka mapeto. Kenako anafika pamene ndinkayembekeza.

"Koma zimene zinachitika Lamulungu mwaziona nonse. Munthuyu pano akuvutika. Kulikonse kumene wayang'ana akuona malemu. Tikamusunga pano timupweteka. Apite kwawo akapumitse mtima."

Anthu angapo anavomera ndi mutu. Inenso ndinatsala pang'ono kuvomera, chifukwa mawuwo analibe bodza.

A Sofiya anasenda mtedza umodzi, anatafuna, n'kumeza.

"Akapita ku Golomoti, akakalembanso awiri, akamuyankha ndani? Kumeneko amake Tereza amawadziwa ndani? Akangoti mkuluyu mutu wazungulira. Kuno walakwitsa, tonse tadziwa chimene walakwitsa." Anayang'ana mlongo wawo. "Iwe ukufuna munda. Nena za munda, usanene za mtima wa munthu."

Panali kukangana ndithu, kwa maola awiri, ndipo zina zimene zinanenedwa sindingazilembe. Mapeto ake anali awa. Kusudzula anandisudzula monga mwa mwambo, anati ndine womasuka. Munda waukulu wa kumtunda, umene ndinazula zitsa zake ndili mnyamata, unapita kwa mphwawo wa a Bonifasi. Nyumba, mango ndi dimba la mpunga anati ndikhale nazo mpaka tsiku limene ndidzafune ndekha kuchoka, kapena limene adzandinyamule. Ntchito yondandalika anthu inapita kwa aphunzitsi a Mbewe. Pa mfundo yomalizayi panalibe wotsutsa ngakhale mmodzi, ndipo Tereza ndiye anavomera mokweza kuposa onse.

Anthu atabalalika, a Sofiya anandiitanira pakhonde. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsalu ya mphakati wathu, yatsopano, yosachapa, mapindo ake akuonekabe.

"Nsalu za masika zitabwera ndinatenga ziwiri, yanga ndi ya mng'ono wanga, monga chaka chilichonse. Ndinazindikira nditafika pakhomo pano." Anaipatsa Tereza. "Kusiyana kwa ine ndi inu, alamu, n'kwakuti ine sindinaimirire pagulu kuwerenga mokweza."

Aka kanali koyamba m'zaka 34 kuwaona akupukuta m'maso.

"Ndipo kuyambira mawa Lamulungu lililonse muzidzadya kuno. Aphunzitsi akamalemba anthu azikuikani pa nyumba ino. Kwanuko musamadziwerengenso nokha, simukhoza."

Ndiye ndi mmene zilili. Ndikamapita kudimba ndimalambalala munda wanga wakale, mizere yake mnyamatayo amaunga yokhotakhota, koma sindinena kanthu. Phunziro ndinalimva: powerenga anthu uziwerenga mitu imene ukuiona, osati nyumba zimene uli nazo m'mutu, ndipo munthu amene wangodziwa mafakitala sabata yathayi asamawatchule kumjigo. Loyambalo limandivutabe. Lachiwirilo ndikuyesetsa.

Lamulungu loyamba nditapita kukadya kwa a Sofiya, tinakhala pamphasa, ndipo maso anga anayamba okha kuwerenga. Pa nyumbapo alipo asanu ndi mmodzi, nambala yofatsa, yolola awiriawiri ndi atatuatatu. Ndi ine tinakwana asanu ndi awiri. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze chimene ndawachita. A Sofiya anandiyang'ana, chipande chili m'manja.

"Mukufuna kunena chiyani, alamu?"

"Ayi, ndimati tipemphere."